Fumbi la mtovu la m'galaja ya bwana: mmene lingafikire kwa mwana wanu ndi mmene mungalitsekere njira

Funso

Ndine mayi wochokera ku Malawi, ndipo tikukhala pafamu ina ya nyama zakutchire ku Limpopo, m'dziko la South Africa, kumene amuna anga akugwira ntchito. Bwana wawo ndi mlenje, ndipo zipolopolo zambiri sagula kusitolo koma amadzazanso yekha zigoba zakale m'galaja yake. Amuna anga ndiwo amatola zigobazo pamalo oyesera mfuti, kuzithira m'makina ozitsuka, kuzisefa ndi kusesa m'galajamo. Nthawi zina bwanayo amasungunulanso mtovu n'kumaumba mitu ya zipolopolo. Amuna anga amaweruka manja ali bii, ndipo ovolosi yawo ndimachapa ndine pamodzi ndi zovala za tonse. Tili ndi mwana wa zaka ziwiri, komanso ndili ndi pathupi. Mnzanga wina wandiuza kuti mtovu ndi poizoni, koma akuti kumwa mkaka kumauchotsa m'thupi. Kodi n'zoona? Nanga tichite chiyani, popeza ntchitoyi ndi imene ikutidyetsa?

Yankho

Mayi, mwachita bwino kufunsa pathupi panu pasanafike patali. Mnzanuyo wanena zoona kuti mtovu ndi poizoni, koma pa nkhani ya mkaka wakusokeretsani, ndipo ndifotokoza chifukwa chake kutsogoloku. Sindikuuzani kuti bambo a mwana asiye ntchito, chifukwa ntchito imeneyi ingathe kugwiridwa mwaukhondo. Chimene ndikupempha n'chakuti kuyambira sabata ino muleke kuchapa ovolosiyo, mwana asapondenso m'galajamo kapena kusewera pakhomo pake, ndipo nonse atatu mukayezetse magazi kuti aone kuchuluka kwa mtovu umene ulimo.

Anthu ambiri akamva za mtovu wa m'zipolopolo amaganiza za mutu wa chipolopolo, kachitsulo kolemera kaja kamene kamatuluka mumfuti. Zoona, mutuwo nthawi zambiri umakhala wa mtovu, ndipo ukaugwira umasiya kuda pazala. Koma mtovu wamtunduwu sulowa kwenikweni kudzera pakhungu; umalowa munthu akaumeza kapena akaupuma ngati fumbi. N'chifukwa chake pa ntchito ya amuna anu chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri si mitu ya zipolopolo koma zigoba zopanda kanthu zija, zimene zimaoneka ngati zilibe vuto lililonse. Kunsi kwa chigoba chilichonse kuli kachitsulo kakang'ono kotchedwa primer, kamene kamathetheka mfuti ikakamenya n'kuyatsa wonga. Mankhwala a m'ma primer ambiri ndi lead styphnate, amene ndi mchere wa mtovu. Mfuti ikalira, mankhwalawa amapsa n'kusanduka utsi, ndipo utsiwo ukazizira umasiya mwaye wosalala kwambiri m'kati mwa chigoba, kunja kwake ndi m'kabowo mmene munali primer. Moto wa wonga umanyambitanso kunsi kwa mutu wa chipolopolo ngati mtovu wake sunakutidwe, n'kuwonjezera mwayewo. Choncho chigoba chilichonse chimene bambo a mwana amatola pamalo oyesera mfuti chimakhala chitanyamula kale mtovu wosalala kuposa ufa, umene ndi wosavuta kuupuma ndi kuumeza.

Tsopano taganizirani za makina otsukira zigoba, amene eni ake amawatcha tumbler. Ambiri mwa makinawa sagwiritsa ntchito madzi. M'mbale yake amathiramo zitsononkho za chimanga zogaya kapena makoko ogaya a mtedza wa walnut, n'kuikamo zigoba, ndipo makinawo amanjenjemera kwa maola angapo mpaka zigobazo zitawala. Mwaye wonse umene wachoka pa zigoba sumapita kwina ayi, umatsalira m'zogayazo. Popeza zogaya zomwezo amazigwiritsa ntchito mobwerezabwereza kwa miyezi, zimasintha mtundu kuchoka pa kufiirira kwake mpaka kufika potuwa ngati phulusa, ndipo kutuwako ndi chizindikiro chakuti zakhuta litsiro limene muli mtovu. Nthawi yoipa kwambiri ndi pamene munthu akuvundukula chivundikiro n'kukhuthulira zonse m'sefa, kenako n'kumagwedeza kuti zigoba zitsale pamwamba. Muwafunse bambo a mwana kuti tsiku lina adzayang'ane pamene kuwala kwa dzuwa kukulowera pachitseko cha galaja iwo akusefa: adzaona fumbi likukwera molunjika kumaso kwawo, likutera patsitsi, m'ndevu, pakolala ya ovolosi ndi pa kapu ya tiyi ngati ili pafupi. Limene angalione ndi lokhuthala lokha. Losalala kwambiri, limene limafika m'kati mwenimweni mwa mapapo, silioneka n'komwe. Chimodzimodzinso ndi kachitini kamene ma primer akale amagweramo bwana akamawachotsa m'zigoba: fumbi lotuwa la pansi pake ndi loipa kwambiri, ndipo si lokhuthula pamphepo kapena kuuzira ndi pakamwa.

Tsache ndiye limamaliza zonse. Fumbi limene linatera pansi n'kukhazikika, tsache louma limalidzutsanso n'kulimwaza m'chipinda monse, ndipo wosesayo ndi amene amayamba kulipuma.

Za kusungunula mtovu ndinene mwachidule. Mtovu umasungunuka pa madigiri 327, ndipo oumba mitu ya zipolopolo nthawi zambiri sapyola madigiri 400. Pa kutentha kumeneku nthunzi ya mtovu siichuluka kwenikweni, koma imakwera msanga mphika ukatenthetsedwa kuyandikira madigiri 500 kapena kupyola, monga zimachitikira munthu akamasungunula ndi moto wa gasi wopanda choyezera. Choopsa cha tsiku ndi tsiku ndi litsiro limene limayandama pamwamba pa mtovu wosungunuka, limene amaliwengula ndi supuni n'kulitaya pambali. Likauma limafumbutuka n'kusanduka fumbi. Ntchito imeneyi iyenera kuchitikira panja kapena pamalo pamene pali chokoka mpweya chotulutsira kunja, litsirolo lizisungidwa m'chitini chotseka, ndipo dontho la madzi kapena la thukuta lisagwere mumphika, chifukwa madzi akalowa pansi pa mtovu wosungunuka amauphulitsa n'kuwotcha munthu kumaso. Mtovu wa m'mabatire akale a galimoto usasungunulidwe n'komwe, chifukwa uli ndi zosakaniza zina zimene zingatulutse mpweya wakupha. Poto, supuni kapena chitini chimene chagwirapo mtovu chisadzabwererenso kukhitchini, ngakhale bwana atakupatsani mwaulere ndipo chikuoneka chabwinobwino.

Chifukwa chimene ndikulimbikira za mwana ndi za pathupi panu n'chakuti thupi la mwana silichita ndi mtovu mofanana ndi la munthu wamkulu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti mwana wamng'ono amayamwa mtovu umene wameza kuwirikiza kanayi kapena kasanu poyerekeza ndi munthu wamkulu. Onjezerani apo kuti mwana wa zaka ziwiri amakhala pansi nthawi zambiri, amagwira nsapato za bambo ake, amakwera pamiyendo pawo akangofika, ndipo chala chake sichichedwa kulowa m'kamwa. Thupi limautenga mtovu ngati kashiamu, motero limaulowetsa m'magazi, mu ubongo ndi m'mafupa. M'magazi mtovu umatsika ndi theka pakatha pafupifupi mwezi umodzi ngati munthu wasiya kuulandira, koma m'mafupa umakhala zaka makumi, ndipo mwa munthu wamkulu mtovu woposa magawo 90 pa 100 alionse umakhala m'mafupa ndi m'mano. Mayi akakhala ndi pathupi kapena akamayamwitsa, thupi limatapa kashiamu m'mafupa kuti limange mwana, ndipo mtovu umene unabisala mmenemo umatulukira limodzi n'kudutsa mpaka kwa mwana wa m'mimba. Ukachuluka umawonjezera chiopsezo cha kupita padera, kubereka masiku asanakwane, kubadwa kwa mwana wochepa sikelo ndi kukwera kwa BP ya mayi.

Akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mtovu ndi wotero. Ana ambiri amene ali ndi mtovu wokwanira kuwononga nzeru zawo saonetsa chizindikiro chilichonse. Amadya, amasewera, amakwera sikelo. Vuto limadzaonekera patsogolo, mwana akachedwa kulankhula, akamalephera kukhazikika m'kalasi kapena kugwira zimene aphunzitsi akunena, ndipo pofika pamenepo palibe mankhwala obwezeretsa zimene zawonongeka. Kwa bambo a mwana, zizindikiro zikabwera zimafanana ndi matenda ena ambiri: kutopa kosatha, mutu, kupweteka kwa m'mimba ndi kudzimbidwa, kuphwanya m'mfundo, kupsa mtima msanga, kuiwalaiwala, kuchepa kwa magazi. Munthu angathe kumwa mankhwala a malungo kapena a zilonda za m'mimba kwa nthawi yaitali chikhalirecho gwero lake lili m'galaja. Pakapita zaka mtovu umakweza BP, umawononga impso ndipo umafooketsa mbewu ya abambo. Choncho musadikire kuti wina adwale kuti mudziwe.

Mtovu wa m'magazi amauyeza m'mamayikulogalamu pa desilita imodzi ya magazi, ndipo papepala la zotsatira mudzaona µg/dL. Mbiri ya nambala imeneyi ikuphunzitsa zambiri. M'zaka za m'ma 1960 madokotala a ku America ankada nkhawa mwana akafika pa 60. Bungwe lawo loona za matenda la CDC linatsitsa malirewo kufika pa 25 mu 1985, pa 10 mu 1991, pa 5 mu 2012 ndi pa 3.5 mu 2021, chifukwa kafukufuku aliyense watsopano ankapeza kuti ubongo wa mwana umavulala ngakhale pa mlingo umene kale unkaoneka wochepa. Mu 2021 World Health Organization inalangiza kuti munthu aliyense akapezeka ndi 5 kapena kuposa, gwero la mtovuwo lifufuzidwe n'kuchotsedwa, ndipo imanenetsa kuti palibe mlingo umene ukudziwika kuti ndi wosavulaza. Komweko ku South Africa, akatswiri a South African Medical Research Council motsogozedwa ndi Angela Mathee anafalitsa mu 2017 kafukufuku wa anthu owombera mfuti m'malo ophunzirira kuwombera, ndipo anapeza kuti magazi awo anali ndi mtovu wochuluka kuposa a anthu olasa mivi ndi uta. Gulu lomwelo linali litapezanso mtovu wokwera mwa ana a m'midzi ya asodzi kumene makolo amasungunulira mtovu pakhomo popanga timiyala tolemeretsa mbedza ndi maukonde.

Galaja ya bwana wanu si mgodi, ndipo sindikufuna kukuopsezani mopyola muyezo. Koma njira imene mtovu umayendamo ndi imodzimodzi kulikonse. Ku Zamfara, kumpoto kwa Nigeria, ana osachepera 400 anamwalira cha mu 2010 chifukwa makolo ankasinja miyala ya golide yokhala ndi mtovu m'kati mwa mipanda ya nyumba zawo, pabwalo pomwe ana ankasewera. Ku Kabwe, m'dziko la Zambia, mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali m'dothi ndipo likupezekabe m'magazi a ana mpaka lero, chifukwa mtovu suola ndipo suzimirira wokha. M'malo onsewa anawo sankagwira ntchito. Fumbi ndi limene linawapeza kunyumba.

Tibwere ku mkaka. Chikhulupiriro chimenechi n'chakale, ndipo chinachokera m'mafakitale mmene ogwira ntchito ya mtovu ankapatsidwa mkaka tsiku lililonse m'malo mowakonzera malo ogwirira ntchito. Muli kachoonadi kochepa mmenemo: munthu wa m'mimba mopanda kanthu, kapena amene akuperewera kashiamu ndi ayironi, amayamwa mtovu wambiri kuposa wokhuta bwino. Koma mkaka sutsuka magazi, suchotsa mtovu m'mafupa, ndipo kapu ya mkaka yomwedwa m'galaja ndi manja akuda imangothandiza kumezera fumbilo. Mwana wanu muzimudyetsa pafupipafupi, ndipo pa chakudya chake pazipezeka kapenta kapena usipa wodyedwa ndi minga yomwe, nyemba, mazira, masamba obiriwira, zipatso ndi mkaka womwewo, podziwa kuti zimenezi n'zothandizira chabe. Inuyo muzimwa mokhulupirika mapiritsi a ayironi amene mukulandira kusikelo, ndipo muwafunse anamwino za kashiamu mutawafotokozera ntchito ya amuna anu. Pali chinthu chinanso chimene amayi ambiri sachitchula kusikelo chifukwa cha manyazi: chilakolako chodya dothi pa nthawi ya pathupi. Ngati chikukugwirani, muwauze anamwino, chifukwa kawirikawiri chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi, ndipo dothi la pafupi ndi galaja kapena malo oyesera mfuti ndi loopsa kwambiri kwa inu.

Chitetezo chenicheni chagona pa kudula njira ya pakati pa galaja ndi nyumba yanu, ndipo apa m'pamene ndikufuna tikhalitsepo. Ovolosi, chipewa ndi nsapato za m'galaja zizitsala kugalaja komweko, m'thumba lapulasitiki lomanga kapena m'bokosi lotseka, ndipo bambo a mwana azivala zovala zina pobwera kunyumba. Nsapato anthu amaziiwala, komatu ndi zimene zimapaka fumbi pansi pamene mwana amakhala. Zovala za ntchitozo zisakung'unthidwe, zizichapidwa pazokha, ndipo udindo wozichapa ndi wa bwana. Ngati zimenezo sizinatheke, azichapa okha bambo a mwana atavala magolovesi, m'chidebe chimene ntchito yake ndi yokhayo, osati beseni losambitsira mwana kapena lotsukira mbale. Madzi ake asathiridwe m'dimba la ndiwo kapena pamene nkhuku zimapalasa. Inu, pokhala ndi pathupi, musazigwire n'komwe. Akafika kunyumba asambe thupi lonse ndi kutsuka tsitsi asananyamule mwana. Ndikudziwa kuti n'zopweteka kuti mwana athamangire bambo ake pakhomo iwo n'kumubweza, koma ngati avula ndi kusamba m'manja ndi kumaso asanachoke kuntchito, vuto limenelo limachepa kwambiri.

Kusamba m'manja kumafuna kukambidwa mwapadera chifukwa cha mmene ife timadyera. Ife nsima timadya ndi manja, ndipo kusamba kwathu kwa nthawi ya chakudya nthawi zambiri kumakhala kungothirirana madzi pabeseni, kawirikawiri popanda sopo. Taonani zimene zimachitika pa dzanja limene lakhala likusefa zigoba: kuda kwalowa m'mizere ya chikhatho, m'ming'alu ya khungu ndi pansi pa zikhadabo. Munthu akatema nsima yotentha n'kumaikanya m'chikhatho, nsimayo imamata ndi kunyamula litsiro lonse limene madzi analephera kuchotsa, ndipo dzanja limayera chifukwa kudako kwalowa mu mbamu. Tsono bambo wokonda mwana wake amatema kambamu kakang'ono, kukakanya bwino, kukasunsa m'ndiwo n'kumupatsa mwana pakamwa. Njira yachidule yofikitsira mtovu kwa mwana kuposa imeneyi palibe. N'chifukwa chake bambo a mwana azivala magolovesi otaya akagwiritsa ntchito pamene akugwira zigoba, ndipo akavula asambe ndi sopo ndi madzi oyenda mpaka m'zigongono, akutsuka zikhadabo ndi kaburashi, kawiri konse. Zikhadabo zizikhala zowenga. Akatswiri a bungwe la NIOSH, loona zaumoyo wa anthu pantchito ku America, anapeza kuti sopo wamba sachotsa mtovu wonse pakhungu, ndipo pali sopo ndi tinsalu topukutira topangidwira ntchito imeneyi, monga D-Lead ndi Hygenall, zimene bwana angafunse kumasitolo a zida za alenje kapena a zovala zodzitetezera. Sanitayiza sathandiza konse, chifukwa amapha tizilombo koma mtovu si kachilombo. Amangoupaka pena n'pena. M'galajamo musamadyedwe kanthu, musamamwedwe kanthu ndipo musamasutidwe fodya, pakuti ndudu yogwiridwa ndi zala zakuda imasandutsa mtovuwo utsi wolowa m'mapapo. Foni nayonso isamalowe mmenemo, chifukwa madzulo foni yomweyo imakhala m'manja ndi m'kamwa mwa mwana.

M'galaja mwenimwenimo, tsache louma ndi mpweya wopopera zichoke. Pansi ndi pamatebulo pazikolopedwa ndi madzi a sopo, pogwiritsa ntchito zidebe ziwiri, china cha sopo china chotsukuluzira, ndipo mopu ndi nsanza zake zisatuluke m'galajamo. Makina wamba opopa fumbi a m'nyumba amaipitsa zinthu, chifukwa fumbi losalala limadutsa m'sefa yake n'kutulukira kumbuyo; oyenera ndi okhala ndi sefa ya HEPA, imene imagwira magawo 99.97 pa 100 a tinthu tating'ono kwambiri. Komabe wonga wotayika ndi ma primer osaphulika zisapopedwe ndi makina alionse, chifukwa zingayake m'kati mwake; zimenezo azitola bwana mwini wake. Kusintha kumodzi kumene kungachotse mbali yaikulu ya vuto lonse ndiko kusiya makina otsuka mouma n'kugula otsuka ndi madzi, sopo ndi timisomali tachitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa mwaye umatsalira m'madzi m'malo mouluka. Madziwo amatuluka akuda ndipo ali ndi mtovu, motero ndi ogwira ndi magolovesi ndi kutaya kutali ndi chitsime, dimba ndi ziweto, motsatira malangizo a khonsolo ya dera lanu pa zinyalala zoopsa. Pamene makina akalewo akadalipo, aziikidwa panja kutali ndi nyumba zogona, chivundikiro chili chotseka, ndipo posefa bambo a mwana aziima kumene mphepo ikuchokera atavala masiki yosefa fumbi losalala, yolembedwa FFP3, kapena ya mphira yokhala ndi sefa zolembedwa P3. Masiki yansalu kapena yabuluu ya kuchipatala siteteza ku fumbi limeneli, ndipo ngakhale masiki yabwino imalowetsa mpweya m'mbali ngati munthu ali ndi ndevu. Zogaya zakale zija zizisinthidwa msanga n'kumangidwa m'thumba. Zisawotchedwe, zisathiridwe m'munda ngati manyowa ndipo zisayalidwe m'khola.

Popeza ovolosiyo yakhala ikulowa m'nyumba mwanu, nyumbayo ifunika kuyeretsedwa kamodzi mwamphamvu. Ntchitoyi agwire bambo a mwana kapena mnansi, inu ndi mwana muli panja: kukolopa pansi ndi sopo, kupukuta ndi nsanza yonyowa mawindo, mipando ndi pamene zovala za ntchito zinkapachikidwa, kuchapa zofunda ndi kutsuka zidole. Mphasa kapena kapeti imene nsapato za ntchito zinkapondapo ndi bwino kuitaya. Muyang'anenso m'matumba ndi m'zoseweretsa za mwana ngati mulibe zigoba, chifukwa zimawala ndipo ana amazikonda.

Pali khomo lina limene simunalitchule koma pafamu ya nyama silingalephere: nyama yophedwa ndi mfuti. Chipolopolo cha mtovu chikamenya nyama chimanyenyeka n'kukhala tizidutswa mazanamazana, tambiri tosaoneka ndi maso ndiponso tosamveka pamano. Mu 2008 a nthambi yoona zachilengedwe ku Minnesota, ku America, anaunika mitembo ya nyama ndi X-ray ndipo anapeza tizidutswa tina pa mtunda wa masentimita 45 kuchokera pabala. Tsono m'mafamu ambiri zimene antchito amagawiridwa ndi zam'kati ndi nyama ya pafupi ndi bala, imene alendo saifuna, ndipo kumeneko n'kumene mtovu umachuluka. Kuphika sikuuchotsa, ndipo kuphika ndi viniga kumausungunula kuti thupi liuyamwe mosavuta. Ine ndingakonde kuti inu ndi mwana musadye nyama ya pafupi ndi bala, zam'kati za m'chifuwa ndi m'mimba, kapena nyama yogaya ndi soseji zopangidwa ndi zodulidwa m'mbali, pokhapokha mutadziwa kuti nyamayo inaphedwa ndi chipolopolo cha kopa chopanda mtovu. Zipolopolo zoterezi zimapangidwa ngakhale ku South Africa komweko, ndipo ku California lamulo lakhala likuletsa kusaka ndi zipolopolo za mtovu kuyambira mu July 2019.

Pokayezetsa, muwauze achipatala momveka bwino kuti bambo a mwana amagwira ntchito ya fumbi la mtovu ndipo mukupempha kuyeza mtovu wa m'magazi, kumene pa Chingerezi amati blood lead level, chifukwa kuyeza magazi kwa nthawi zonse kwa kusikelo sikuphatikiza mtovu. Magazi atengedwe pamtsempha wa pamkono, popeza a pachala angathe kuipitsidwa ndi fumbi la pakhungu n'kupereka nambala yabodza. Zipatala za boma zimatumiza magazi ku ma labotale a National Health Laboratory Service, amene pansi pake palinso National Institute for Occupational Health ku Johannesburg, ndipo ma labotale olipira monga Lancet, Ampath ndi PathCare nawonso amayeza. Mupemphe nambala yeniyeniyo, muilembe pamodzi ndi tsiku, osangokhutira ndi mawu akuti zili bwino, chifukwa malire amene malamulo a zantchito amalola kwa munthu wamkulu ndi okwera kwambiri poyerekeza ndi amene ali oyenera kwa mwana ndi mayi woyembekezera. Mukakonza zimene ndafotokozazi, mudzayezetsenso pa nthawi imene adokotala anene, kuti muone ngati nambala ikutsika. Mankhwala okoka mtovu m'magazi alipo, monga succimer ndi calcium EDTA, koma amaperekedwa ndi dokotala pamene mlingo wakwera kwambiri, kwa mwana nthawi zambiri kuyambira pa 45 µg/dL, ndipo sathandiza ngati wodwalayo akubwerera m'fumbi lomwelo. Musagule mankhwala a zitsamba kapena a pa intaneti amene amati amatsuka magazi. Ena mwa iwo apezekapo ali ndi mtovu womwewo. Mukadzachira musaleke kuyamwitsa chifukwa cha mantha, pakuti pa milingo yambiri ubwino wa bere umaposa chiopsezo, ndipo ndi nambala ya magazi anu imene ingamuuze dokotala ngati pafunika kusintha. Koma mwana akameza kachidutswa ka mtovu kapena primer, kapena akayamba kusanza kosalekeza, kuwodzera modabwitsa, kudzandira kapena kukomoka, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ndipo munene za mtovu pofika.

Ndikudziwa kuti kwa munthu wa kudziko la eni kulankhula ndi bwana za zinthu zotere si kophweka. Komabe lamulo la Occupational Health and Safety Act la 1993, pamodzi ndi Lead Regulations za 2001, limaika pa olemba ntchito udindo woteteza wantchito ku mtovu, kumupatsa zodzitetezera ndi kumuuza za kuopsa kwake, ndipo dipatimenti ya zantchito ili ndi oyendera malo amene angalandire dandaulo. Ngakhale zili choncho, ndikuganiza kuti poyambira pabwino si lamulo koma kumukumbutsa bwanayo kuti iyenso akupuma fumbi lomwelo, mwinanso kuposa wantchito wake popeza ndiye amawombera ndi kusungunula, ndipo akulitengera kwa ana ndi adzukulu ake. Alenje ambiri odzaza okha zipolopolo amasamala kwambiri za wonga ndi moto koma sanaganizepo za mwaye wa m'zigoba, ndipo akauzidwa mwaulemu amamva. Bambo a mwana apite ndi pempho lomveka: ovolosi ziwiri zochapidwa kuntchito, bokosi la magolovesi, masiki yoyenera, mopu ndi zidebe, sopo pampopi wa pafupi ndi galaja, ndi kuti bwanayo alipire kuyeza magazi, iyenso akayezetse. Zonsezi pamodzi mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi zida zimene zili kale m'galajamo. Ngati angakane, kusiya nsapato ndi ovolosi kuntchito, kuwaza madzi a sopo m'malo mosesa mouma, kusefera panja, kusamba bwino asanadye ndi kuletsa mwana kufika kumeneko ndi zinthu zimene banja lanu lingayambe mawa popanda kupempha chilolezo kwa munthu, ndipo pepala la zotsatira za magazi mulisunge, chifukwa ndi limene a dipatimenti ya zantchito adzafune kuona mukadzakadandaula.